Akatswiri a Masewera Ogwetsana a M'makoleji a ku America mu MMA

MMA ndi masewera omenyana ophatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, ndipo akatswiri ake ambiri a ku America anaphukira m'mipikisano ya NCAA ya m'makoleji. Kumeneko wogwetsana akamaliza sukulu alibe ligi yaikulu yomulipira, choncho ambiri amalowera ku UFC, bungwe lokonza masewera a MMA. Mark Coleman, amene anapambana NCAA ali ku yunivesite ya Ohio State mu 1988, ndiye anali woyamba kutenga lamba wa UFC wa olemera kwambiri mu 1997. Brock Lesnar wa ku yunivesite ya Minnesota anautenga mu 2008, ndipo Daniel Cormier wa ku yunivesite ya Oklahoma State anagwira malamba awiri nthawi imodzi mu 2018.

Mphamvu yawo yagona pakuti wogwetsana ndiye amasankha pomenyanirana. Akafuna pansi, amagwira mnzakeyo miyendo yonse iwiri n'kumugwetsa chagada. Akafuna choimirira, sagwetseka. Malamulo a m'makoleji amaperekanso mapointi kwa amene wapanikiza mnzake pansi kwa nthawi yaitali, ndipo luso limeneli ndi limene limathetsa mpweya akatswiri a nkhonya. Otsutsa maganizo amenewa amatchula Ben Askren, amene anapambana NCAA kawiri koma Jorge Masvidal anamukomola ndi bondo m'masekondi 5 okha mu 2019. N'zoona kuti woweramira miyendo amapereka mutu. Komabe wogwetsana amatha kuphunzira nkhonya atakula, monga anachitira Cormier, pomwe kukana kugwetsedwa kumafuna zaka zambiri zoyambira paubwana.