Ndege za M'kanema ndi Maso a Amene Anaulukadi

Chiyambire pamene anthu anaphunzira kujambula zithunzi zoyenda, palibe nkhondo imene yakopa mitima ya opanga kanema koposa nkhondo ya mumlengalenga; pakuti ndege ikamapindika pakati pa mitambo, dzuwa likung'anima pa mapiko ake, munthu wokhala pa mpando mumdima amaiwala msanga kuti m'kati mwa chitsulocho muli mwana wa munthu amene akunjenjemera. Komatu m'nyumba zoonetsera kanema za ku America ndi ku Britain munkapezeka, kwa zaka zambirimbiri, oonera ena amene sankaiwala, ndiwo amuna amene anaulukadi pa nkhondo nabwerako amoyo. Ndipo mbiri ya makanema a ndege, tikaisanthula mofatsa, ndi mbiri ya mlandu wautali pakati pa amunawa ndi opanga kanema, mlandu umene nthawi zina unkathera m'kugwirana chanza, nthawi zina m'kupukusa mitu.

Pachiyambi woweruza ndi woweruzidwa anali munthu mmodzi. William Wellman, amene anatsogolera ntchito yojambula kanema wa Wings, wa m'chaka cha 1927, anali atayendetsa ndege yankhondo ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chotero pamene gulu lankhondo la America linamubwereka ndege ndi oziyendetsa ku San Antonio m'dera la Texas, iye anachita chinthu chimene eni ndalama ku Hollywood sanachimvetse, pakuti anakhala masiku ambiri osajambula nkhondo ya m'mwamba, akungodikira kuti mitambo isonkhane. Ankadziwa, monga adziwira woulukadi, kuti ndege yojambulidwa pa thambo loyera imaoneka ngati yaima malo amodzi, ndi kuti liwiro lake limaoneka pokhapokha pali mtambo woti iupitirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha: m'chaka cha 1929 Wings analandira mphotho yoyamba ya Oscar ya kanema wopambana. Koma choonadi chotere chinali ndi mtengo wa mwazi, pakuti pojambula Hell's Angels wa Howard Hughes, wa 1930, oyendetsa ndege atatu ndi makaniko mmodzi anafa, naye mwini wake Hughes anagwa ndi ndege navulala.

Kanema amene asilikali akale a m'mwamba ku America anamulandira ngati wawo anadza pambuyo pa nkhondo yachiwiri, ndipo chodabwitsa chake n'chakuti nkhondo ya m'mwamba muli yochepa. Twelve O'Clock High, wa 1949, anachokera m'buku la Beirne Lay ndi Sy Bartlett, amene onse awiri anatumikira m'gulu la Eighth Air Force, gulu limene linkanyamuka ku England masana kukaponya mabomba ku Germany ndi m'maiko amene Germany analanda. Kuti timvetse chifukwa chake kanemayu anawalasa mtima, tiyenera kukumbukira chimene iwo anapirira. Ndege imodzi ya B-17 inkanyamula amuna khumi, amene ankakhala maola ambiri m'chisanu choumitsa zala, akupuma mpweya wa m'mabotolo. Munthu ankayenera kukwanitsa maulendo 25 kuti apatsidwe chilolezo chobwerera kwawo, ndipo m'chaka cha 1943 ambiri sankafikapo pa chiwerengerocho. Pa 14 October chaka chimenecho ndege 291 zinapita ku Schweinfurt, ndipo 60 sizinabwerere. Pofika kumapeto kwa nkhondo gululi linali litataya amuna pafupifupi 26,000.

Nkhani ya kanemayu ndi ya utsogoleri ndi kulemera kwake. Mkulu woyamba wa gulu achotsedwa pa udindo chifukwa akonda anyamata ake kufikira polephera kuwatumiza ku imfa. M'malo mwake mubwera Frank Savage, amene Gregory Peck anamusewera, munthu wouma mtima pamaso, amene olembawo anamuumba potengera Frank Armstrong, msilikali weniweni amene anatumidwa kukadzutsa gulu la 306 ku Thurleigh. Savage awalanga, awadzudzula, awaphunzitsa kuuluka mothithikana kuti mfuti za ndege imodzi zitchinjirize inzake, ndipo gululo lidzukadi. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pang'onopang'ono iyenso agwidwa ndi chikondi chomwe chija chimene chinagwetsa mnzake. Taonani tsiku lotsiriza: injini zikulira, anyamata akwera kale, Savage afika pansi pa kakhomo ka ndege, agwira chitsulo ndi manja awiri kuti adzikokere m'kati monga achitira masiku onse, koma manja akana. Ayesanso, akananso. Wina akwera m'malo mwake, ndipo iye akhala pa mpando duu, maso tong'o, osalankhula, osamva, kufikira pamene kulira kwa ndege zobwerera kumveka. Amene anaona anzawo olimba mtima akusweka chomwecho sanafune wina wowamasulira. Zithunzi za nkhondo ya m'mwamba zimene zili m'kanemayu zinajambulidwa pa nkhondo yeniyeni, ndipo B-17 imene itera ndi mimba pachiyambi, mawilo ali opinda, inagwetsedwadi ndi katswiri Paul Mantz, ali yekha m'katimo. Kwa zaka zambiri masukulu a asilikali ku America akhala akuonetsa kanemayu pophunzitsa utsogoleri, ulemu umene makanema ochepa anaulandira.

Ku Britain nkhani inayenda mwina, pakuti kumeneko kanema anasanduka chikumbutso cha mtundu wonse. The Dam Busters, wa 1955, akufotokoza za usiku wa pa 16 ndi 17 May 1943, pamene ndege 19 za Lancaster za gulu la 617, motsogozedwa ndi Guy Gibson, zinapita kukaphwanya madamu a ku Germany ndi bomba la Barnes Wallis, bomba lodumphadumpha pamadzi monga uchitira mwala waphanthi umene ana amaponya padziwe. Madamu a Möhne ndi Eder anagumuka. Ndege zisanu ndi zitatu sizinabwerere, ndipo mwa amuna 133 amene ananyamuka, 53 anafa. Odziwa nkhaniyo anaona zolakwika zingapo. Bomba la m'kanema ndi lobulungira pamene lenileni linali ngati mgolo, chifukwa maonekedwe ake anali akadali chinsinsi cha boma. Nzeru younikira madzi ndi nyali ziwiri, kuti kuwala kwake kukakumana woyendetsa adziwe kuti ali pa mamita 18, Gibson sanaitole m'nyumba ya zisudzo monga kanema anenera, koma inachokera kwa wasayansi Benjamin Lockspeiser. Ndipo Gibson weniweni, amene anafa mu 1944 ali ndi zaka 26, asilikali a maudindo aang'ono ankamukumbukira ngati munthu waukali ndi wosayandikirika. Zonsezi anazikhululukira, chifukwa cha mmene kanemayu athera: palibe nthungululu, koma zipinda zogona zopanda eni ake, mipando yopanda anthu podyera, ndi Gibson akuchoka yekha kukalemba makalata kwa amasiye. Richard Todd, amene anasewera Gibson, anali msilikali amene anatsika ndi parachuti ku Normandy mu 1944, ndipo kutaya anzake pa nkhondo sankakumvera kwa ena.

Pali zinthu ziwiri zimene ine sindingazidutse mwakachetechete, ngakhale ndimalemekeza kanemayu. Madzi a madamu aja anapha anthu oposa 1,300, ndipo ambiri mwa iwo anali akapolo a ntchito amene Germany anawagwira m'maiko ena, pakati pawo akazi ochuluka ochokera kum'mawa kwa Ulaya, koma kanema sawatchula. Chachiwiri, galu wa Gibson anali ndi dzina limene ndi mawu otukwana anthu akuda, ndipo dzinalo limveka mobwerezabwereza, popeza linalinso chizindikiro chonena kuti damu lagumuka. Linalidi dzina la galuyo. Koma m'chaka cha 2020 gulu la ndege zankhondo za Britain, la RAF, linachotsa dzinalo pa mwala wa manda ake ku Scampton, ndipo linachita bwino.

Pojambula Battle of Britain, wa 1969, mwambo woitana asilikali akale kuti akhale pambali pa kamera unali utakhazikika, ndipo unabala chinthu chimene palibe akanachilota mu 1940: Adolf Galland, katswiri wa ndege za Germany, ndi Robert Stanford Tuck, katswiri wa RAF, anakhala alangizi pa ntchito imodzi, nakhala mabwenzi kufikira imfa. Hamish Mahaddie, amenenso anaulukapo pa nkhondo, anasonkhanitsa ndege zakale pafupifupi 100; koma ndege za mtundu wa Germany zinapezeka ku Spain, zitaikidwa injini za Rolls-Royce Merlin, injini yomweyo ya ndege za Britain za Spitfire, kotero kuti mphuno zake zinasintha maonekedwe, ndipo diso la woulukadi linkazizindikira nthawi yomweyo. Zimenezo zinali zodandaula za pa tebulo la tiyi. Chimene chinalemera chinali chakuti Hugh Dowding, amene anatsogolera ndege zoteteza Britain pa nkhondo ya mumlengalenga ya 1940 koma nachotsedwa pa udindo mu November 1940, anabwezeredwa ulemu wake pamaso pa anthu Laurence Olivier atamusewera. Nkhalambayo inadzaona ntchito yojambula ili pa njinga ya olumala, ndipo inamwalira mu February 1970. Ndiponso m'kanemayu muli nkhope imodzi yopserera imene sinapakidwe utoto: ndi ya Bill Foxley, amene anapsa m'ndege ya Wellington mu 1944 nathandizidwa ndi dokotala Archibald McIndoe ku East Grinstead. Oonera ambiri anaphunzira pa nkhope imeneyo chimene petulo woyaka amachita pa munthu.

Ndipo kunadza Top Gun mu 1986, kanema amene oyendetsa ndege zankhondo amamukonda ndi kumutsutsa nthawi imodzi. Sukulu imene iye akuitchula ilipodi. Inakhazikitsidwa mu 1969 ku Miramar m'dera la California, asilikali a panyanja ataona kuti ku Vietnam akutaya ndege zambiri mosayenera, ndipo ntchito yake inali kuphunzitsa aphunzitsi, amene ankabwerera ku magulu awo kukagawira anzawo nzeruzo. Chikho chimene anyamata a m'kanema akulimbirana kulibe, pakuti mpikisano wotere pakati pa anthu ouluka pa liwiro lotero ukanadzaza manda. Ndege za adani zotchedwa MiG-28 nazonso kulibe, ndi ndege za F-5 za America zopakidwa utoto wakuda. Ndipo mnyamata wouluka pafupi ndi nsanja popanda chilolezo, kapena wosiya mnzake yekha m'mwamba kuti akadzipezere mbiri, ntchito ikanamuthera pomwepo. Guy Snodgrass, amene anaphunzitsapo pa sukuluyo, ananena kuti wobwereza mawu a m'kanemayu pamalopo amalipira chindapusa cha madola asanu. Komabe ndege za F-14 zimene zikunyamuka pa sitima m'bandakucha ndi zenizeni, zoyendetsedwa ndi asilikali enieni, ndipo ambiri amene lero amatsutsa kanemayu amavomera kuti ndiye anawakokera ku ntchitoyo ali ana. Pojambula kanemayunso mwazi sunasowe: Art Scholl, katswiri woulutsa ndege za makamera, anagwera m'nyanja ya Pacific mu September 1985 akujambula, ndipo thupi lake silinapezeke.

Otsiriza kuitanidwa ku bwalo la mlanduwu anali amuna akuda a ku Tuskegee m'dera la Alabama, kumene oyendetsa ndege 992 anaphunzitsidwa pa nthawi imene gulu lankhondo la America linkalekanitsa asilikali potsata khungu. Gulu lawo la 332, lotsogozedwa ndi Benjamin O. Davis Jr., linkaperekeza ndege za mabomba kuchokera ku Ramitelli ku Italy pa ndege za P-51 za michira yofiira. Koma anadikira zaka 50 kuti nkhani yawo ikhale kanema wathunthu, The Tuskegee Airmen wa 1995, amene chiyambi chake chinali nkhani ya mmodzi wa iwo, Robert Williams, kenaka Red Tails wa 2012, amene George Lucas anamulipirira ndi ndalama za m'thumba mwake. M'zaka za kudikirazo munafala mbiri yakuti iwo sanatayepo ndege ya mabomba ngakhale imodzi. Koma wofufuza mbiri Daniel Haulman, atasanthula zolembedwa za nkhondo, anapeza kuti ndege 27 zimene ankaziperekeza zinagwetsedwa ndi ndege za adani, chiwerengero chochepa ndithu poyerekeza ndi magulu anzawo. Ulemu wawo sunachepe ndi choonadi chimenechi, pakuti amuna amene anamenya nkhondo ziwiri, ina m'mwamba mwa Ulaya ndi ina pakhomo pa nyumba zodyera za kwawo, safunikira nthano yowakometsera. Kwa ine, kanema wa 1995, ngakhale anapangidwa ndi ndalama zochepa, aposa mnzake, chifukwa akhalitsa pa nkhondo ya kwawoyo.

Amuna a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 atsala pang'ono kutha. George Johnson, wotsiriza mwa amene anapita ku madamu aja, amene ndege yake inazungulira damu lina, la Sorpe, n'kuponya bomba pa ulendo wachikhumi, anamwalira mu December 2022 ali ndi zaka 101. Inu owerenga amene mumakonda makanema a ndege, funani Twelve O'Clock High mumuone. Alibe mitundu, ndi wakuda ndi woyera basi, ndipo mudzadikira nthawi yaitali musanamve mfuti ikulira. Koma ndiye amene eni nkhondoyo anamuvomera.