Ma huang, ephedrine ndi jekeseni ya pamsana

Mayi woyembekezera akalephera kuchira yekha n'kulowa naye ku fiyeta, kaya pa chipatala cha boma cha Chadiza kaya ku Chipata Central, nthawi zambiri samugonetsa tulo. Amamubaya jekeseni pamsana, thupi n'kuchita dzanzi kuyambira pamimba kutsika. Koma jekeseniyo imalefulanso mitsempha ya magazi, ndiye BP imatha kugwa mwadzidzidzi: mayi achita nseru ndi chizungulire, mwana m'mimba aperewedwa magazi. Pamenepo wopereka mankhwala a dzanzi ayenera kukhala ndi kabotolo ka ephedrine pafupi. Bungwe la WHO linaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri chifukwa cha ntchito yomweyi, mamiligalamu 30 mu mililita imodzi. Madotolo amawatcha vasopressor, kutanthauza mankhwala ofinya mitsempha kuti BP ikwere.

Dzina loti ephedrine linachokera ku chomera chotchedwa ephedra, chimene simungachipeze m'madambo kapena m'mapiri a kwathu kuno. Chimamera m'malo ouma a kumpoto kwa China, Mongolia, Pakistan, kumpoto kwa Africa ndi kumadzulo kwa America. N'chitsamba chachifupi cha timitengo tobiriwira tamfundomfundo, masamba ake ang'onoang'ono osaoneka bwino, ndipo sichichita maluwa. Mbale wake wodziwika kuno kummwera ndi welwitschia wa m'chipululu cha Namib. Ephedra ameneyu Achina amamutcha ma huang. Cha m'ma 200 AD sing'anga Zhang Zhongjing analemba kale za msuzi wake wotulutsa thukuta kwa munthu wa chimfine ndi wobanika. Asing'anga a ku China ankadziwanso kuti muzu wa chomera chomwecho, ma huang gen, umachita zosiyana: umaletsa thukuta. Asing'anga athu, amene sasokoneza khungwa ndi muzu, sangadabwe nazo zimenezi.

Mawu ofunika kuwamvetsa ndi alkaloid. Awa ndi mankhwala okhala ndi nayitrojeni amene chomera chimapanga chokha, owawa polawa, amphamvu m'thupi ngakhale atachepa. Nikotini wa mufodya amene alimi a kuno amalima ndi alkaloid, kwinini wa malungo nayenso. Mu 1885 katswiri wa ku Japan, Nagai Nagayoshi, anapatula alkaloid wa mu ma huang n'kumutcha ephedrine. Mankhwalawa anaiwalika ndithu mpaka mu 1924, pamene K. K. Chen ndi Carl Schmidt ku Peking Union Medical College anaonetsa kuti amagwira ntchito ngati adrenaline, koma iye amatheka kumwa ndipo amakhalitsa m'thupi. Amatsegula njira za mpweya m'mapapo, ndiwo matanthauzo a bronchodilator, motero kwa zaka zambiri anali mankhwala a mphumu, kufikira salbutamol wopopera mkamwa atamulanda malo.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mnzake pseudoephedrine. Awiriwa ali ndi maatomu ofanana ndendende: 10 a kaboni, 15 a haidrojeni, imodzi ya nayitrojeni, imodzi ya okosijeni, olumikizana mofanana. Kusiyana kuli pa kumene kagulu kamodzi kaloza, ngati mabatani a malaya omwewo, ena omangira kumanja ena kumanzere. Mankhwala otere amatchedwa ma isomer. Kusiyana kochepako thupi limakumva: ephedrine amagunditsa mtima mwamphamvu, pseudoephedrine amafatsako, ndiye chifukwa chake amaikidwa m'mapiritsi ena a chimfine otsegula mphuno.

Ndipo mukachotsapo okosijeni imodzi ija, mwapanga methamphetamine. Nagai yemweyo ndiye anachita zimenezi mu 1893. Apa mpamene pamabwera mawu akuti precursor, chinthu chopangira mankhwala ena. Pangano la United Nations la 1988 linaika ephedrine ndi pseudoephedrine pa mndandanda wa zinthu zoyenera kulondoloza, ndipo ku Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA ndi Drug Enforcement Commission. Wogwidwa ndi ufa wa ephedrine wopanda chilolezo amakhala pa mlandu waukulu, chonsecho kabotolo ka ku fiyeta kali ndi mankhwala omwewo. Ndimafuna malamulowa akhwime kwa ozembetsa popanda kuchedwetsa kabotolo kofika ku chipatala cha kumudzi.

Mawu ena ndi stimulant, mankhwala odzutsa ubongo ndi mtima. Okonda mpira akukumbukira Diego Maradona atachotsedwa pa World Cup ya 1994 chifukwa cha ephedrine. Ku America ephedra ankagulitsidwa ngati mankhwala achilengedwe ochepetsa thupi, botolo lililonse mphamvu yakeyake, popeza chomera china chimakhala ndi alkaloid wambiri, china wochepa. Ena mwa amene ankamwa anafa ziwalo, ena mtima unaima. Wosewera baseball Steve Bechler atamwalira mu February 2003, bungwe la FDA linaletsa malondawa mu 2004.

Mawu akuti "achilengedwe" ndi amene ndimawaopa, chifukwa sanena mlingo. Ku fiyeta amapereka pang'onopang'ono, maso ali pa makina a BP. Tiyi wochepetsa thupi wogula pa WhatsApp alibe womuyang'anira. Ngati muli ndi BP yokwera, matenda a mtima, kapena ndinu bambo wovutika pokodza, werengani pa paketi ya mankhwala a chimfine, ndipo mukaona ma huang, ephedra, ephedrine kapena pseudoephedrine, funsani kaye ku chipatala musanamwe.