Lumo, Lezala ndi Kamwala ka Alamu

Munthu akapusitsidwa pa malonda, kapena timu ya mpira ikagonja mochititsa manyazi, anthu amati wametedwa mpala wopanda madzi. Adzukulu a lero amanena mawuwa osadziwa ululu wake, pakuti iwo amametedwa ndi makina amagetsi amene safuna madzi. Koma amene anakula lumo likadali pantchito akudziwa kuti chitsulo chikadutsa pakhungu louma chimasenda, ndipo wometedwayo amadzuka misozi ili lengelenge. Kumeta kwenikweni kunali kwa madzi. Ngakhale madziwo akhalepo, lumo silinkalephera kucheka penapake, ndipo pochekapo pankafunika chopakapo.

Angoni a Maseko atakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870 ndi kufalikira m'dera limene lero ndi boma la Ntcheu, anapeza eni dziko ali ndi amisiri awo osula zitsulo. Pachipala pomwe pankatuluka makasu ndi nthungo mpomwenso pankatuluka lumo, kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala ndi kamchira kogwirira. Nkhwangwa siithwera pachipala, chimodzimodzinso lumo: mwini wake ankalinola yekha pamwala mpaka lithe kudula ubweya wa pamkono. Mutu kapena chibwano ankachinyowetsa ndi madzi ofunda, ena ankafikisiramo masamba a chewe kuti paterere. Lumo likasowa, kachidutswa ka botolo losweka kanadzalowa m'malo mwake mabotolo atayamba kupezeka.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti masiku amenewo munthu sankadzimeta yekha. Kalilole kunalibe, ndiye khosi unkalipereka kwa mbale kapena bwenzi lomudalira, ndipo tsitsi lometedwalo linkasonkhanitsidwa bwinobwino n'kukakwiriridwa poopa kuti a mtima woipa angachitire chipongwe. Kumeta kunalinso chizindikiro chakuti munthu wachoka pena walowa pena. Khanda linkametedwa tsitsi lobadwa nalo potuluka m'chikuta, namwali ankametedwa pachinamwali, ndipo ofedwa ankameta maliro, lumo limodzi likuyenda mutu ndi mutu pa abale onse. Ndevu zokha zinali ulemu wa mwamuna wamkulu, n'chifukwa chake zinalowa m'mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Pamene lumo lacheka ankathirapo phulusa, kenaka n'kudzoza mafuta a nsatsi.

Kamwala ka alamu kanabwera pambuyo pake, ndipo kanachokera kutali. Kamaoneka ngati chibuluma cha mchere woyera mbee, ndipo kakakhudza lilime m'kamwa mumathina ngati wadya nthochi yosapsa. Ndi mchere wa mtundu wina, wopangidwa ndi aluminiyamu, potaziyamu ndi salufa. Anthu a ku Egypt ankaudziwa kalekale Yesu asanabadwe, koma chimene chinaukweza mtengo sichinali ndevu ayi. Opaka nsalu utoto anapeza kuti nsalu yoviikidwa m'madzi a alamu imagwira utoto osasuluka, choncho mayiko a ku Ulaya opanga nsalu za ubweya sankakhala opanda mcherewu. Kwa nthawi yaitali ankaugula ku migodi ya ku Phocaea, m'dziko la Turkey la masiku ano, mpaka pamene Aturuki analanda mzindawo mu 1455. Patangopita zaka zowerengeka, Giovanni da Castro anapeza miyala ya alamu m'mapiri a Tolfa kufupi ndi Roma, ndipo Papa Pius II anayesa zimenezi dalitso lalikulu popeza ndalama zake zinkathandiza pa nkhondo yolimbana ndi Aturuki omwewo. Angerezi nawo anatsegula migodi yawo m'mbali mwa nyanja ku Yorkshire m'zaka za m'ma 1600. Popanga alamu wawo ankasakaniza ndi mikodzo ya anthu, imene inkabwera m'migolo pa sitima zapamadzi kuchokera ku London. Mwana wasukulu akauzidwa zimenezi amayesa nthabwala, koma ntchitoyo inapitirira mpaka 1871.

Kuno kwathu kamwalaka sikanadzere kwenikweni kwa Angerezi. Ku India, kumene amakatcha fitkari, ometa akhala akukapaka pachibwano cha munthu akatha kumumeta kwa mibadwo yambiri, ndipo Aswahili a kugombe amakadziwa ndi dzina lakuti shabu. Amwenye, ambiri a iwo ochokera ku Gujarat, anayamba kuchuluka m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston akulamulira, ndipo pang'ono ndi pang'ono sitolo zawo zinafika pa maboma ndi m'misika ya kumidzi. Chimene mwini sitolo ankagwiritsa ntchito m'nyumba mwake sichinkachedwa kudziwika kwa telala wosoka pakhonde pake ndi kwa ogula.

Nthawi yomweyo kametedwe kanasintha. King Gillette anayamba kugulitsa lezala zotaya zikabuntha ku America mu 1903, ndipo m'kupita kwa zaka amuna obwerera ku Joni pa Wenela ankafika ndi lezala za Minora, burashi ya thovu ndi kakalilole m'bokosi. Mamishoni monga Nzama, imene Ansembe a Montfort anatsegula mu 1901, Gowa ndi Dombole anatulutsa aphunzitsi ndi makalaliki, ndipo iwowa pamodzi ndi asilikali a Keyala ndi amesenjala a kwa DC ankayenera kuoneka pantchito chibwano chili see. Apa mpamene panabadwa chinthu chachilendo: mwamuna kudzimeta yekha, m'mamawa, mofulumira, kangapo pa sabata, mwina ndi lezala yonoledwa m'kati mwa tambula kuti ikhalitse. Mabala anachuluka, ndipo mphunzitsi sakanaima kutsogolo kwa kalasi ndi phulusa kumasaya. Sikuti kamwalaka kanalowa m'nyumba iliyonse. Kanali ka anthu a malipiro a pamwezi, monga wotchi ndi njinga.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Munthu akatha kumeta amatsuka thovu lonse ndi madzi ozizira, amanyowetsa kamwalako, n'kukayendetsa mopepuka paliponse pamene lezala yadutsa. Alamu amakunga khungu ndi kutseka timitsempha ting'onoting'ono, motero magazi a pamene pangokandika amaleka msanga, komanso amalepheretsa tizilombo tina ta pakhungu kuswana. Bala lakuya salitha. Ubwino wake wina ngwakuti amaphunzitsa. Pamene dzanja linapepuka pamangomveka kuzizira, koma pamene munthu anakanikiza kwambiri kapena anabwerezabwereza pamaluma ngati tsabola, ndipo mawa lake wometayo amadziwa pofunika kuchepetsa mphamvu. Pakapita kamphindi amatsukanso kumaso, pakuti akausiya khungu limauma ndi kutuwa, makamaka nthawi ya chisanu cha ku Tsangano ndi ku Lizulu. Kamwalako amakapukuta n'kukasunga pouma chifukwa kamasungunuka m'madzi, ndipo kakagwa pasimenti kamasweka ngati galasi. Kosungidwa bwino kamatha chaka ndi kupitirira.

Kuzimirira kwake kunadza ndi zinthu zitatu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuchoka kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo tizinthu tambiri ta m'sitolo zawo tinapita nawo limodzi. Kenaka mu 1985 munthu woyamba anapezeka ndi kachilombo ka HIV m'Malawi, ndipo azaumoyo anayamba kuletsa kubwerekana lezala. Mwambo wa kumeta maliro unayenera kusintha: m'mabanja ambiri aliyense amabwera ndi lezala yake, ena amangodula katsitsi pang'ono ndi sizasi. Lamulo lomwelo likukhudza alamu, pakuti kamwala kamene kakhudza magazi a munthu mmodzi sikoyenera kupita pachibwano cha wina, ndipo palibe amene ayenera kukakhulupirira kuti kangaphe HIV kapena kachilombo ka matenda a chiwindi. Chachitatu ndi magetsi. Atafika pa Kampepuza, pa Manjawira ndi m'misika ina, anyamata anatsegula malo ometera ndi makina, ndipo pomaliza amapaka sipiliti wofiirira uja.

Alamu sanachoke m'dziko. Mabungwe opereka madzi a m'mipope amagwiritsa ntchito mbale wake, aluminium sulphate, poyeretsa madzi a matope. Kamwala kometera nako kamachita chimodzimodzi: kakazunguzidwa kangapo m'ndowa ya madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja, dothi limaundana n'kudikha pansi, ngakhale madziwo amafunikabe kuwiritsa asanamwedwe.