Buku Loyamba la Narnia Ndi Liti?

Mu 1950 kampani ya Geoffrey Bles ku London inasindikiza The Lion, the Witch and the Wardrobe, nthano ya C.S. Lewis, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oxford. Kenako chaka ndi chaka kunkatuluka lina: Prince Caspian, The Voyage of the Dawn Treader, The Silver Chair, The Horse and His Boy, The Magician's Nephew, n'kutsiriza ndi The Last Battle mu 1956. Ana a nthawiyo ankangowerenga m'mene mabukuwo ankafikira.

Mkangano wa ndondomeko yowerengera mabukuwa unayamba ndi The Magician's Nephew la mu 1955, lomwe limabwerera m'mbuyo kukasimba kulengedwa kwa dziko la Narnia. Mu 1957 Lewis anayankha kalata ya mnyamata wa ku America amene ankatsutsana ndi mayi ake pankhaniyi. Anagwirizana ndi mwanayo zotsata nthawi ya zochitika, koma anaonjezera kuti mwina zilibe kanthu kwenikweni. Mu 1994 HarperCollins, potsatira maganizo a Douglas Gresham, mwana wopeza wa Lewis, inaika nambala 1 pa buku la 1955 lija.

Chisankhochi chimawamana zambiri owerenga atsopano. Mu The Lion, the Witch and the Wardrobe, mtsikana Lucy akalowa m'kabati ya zovala n'kupeza nyale ya mumsewu ikuyaka pakati pa nkhalango, wowerenga amayenera kudabwa naye limodzi. Amene wayamba ndi The Magician's Nephew amakhala akudziwa kale kumene nyaleyo inachokera, komanso kuti mkango Aslan ndani. N'chifukwa chake ndondomeko yakale ija ndi yabwino kwa wongoyamba kumene, ndipo mafilimu a Walden Media, kuyambira mu 2005, anatsata yomweyo.