Voti ndi Sitiraka: Phunziro la ku Migodi ya ku Britain

Ufulu wonyanyala ntchito sunabwere mwaulere. M'chaka cha 1901, bwalo lalikulu la ku Britain linagamula kuti bungwe la antchito a pa njanji ya Taff Vale lilipire kampaniyo chifukwa cha sitiraka ya 1900. Chigamulocho chinamanga manja mabungwe onse, pakuti sitiraka iliyonse ikanatha kuwadyera chuma chawo chonse. Antchito anadandaula kwambiri, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la 1906 loteteza mabungwe ku milandu yotere.

Koma funso lina linatsala: kodi ndani ayenera kulamula kuti sitiraka iyambe, atsogoleri kapena antchito eni ake?

M'mwezi wa Marichi 1984, zitamveka kuti migodi 20 ya malasha itsekedwa, bungwe la anthu a m'migodi, motsogozedwa ndi Arthur Scargill, linayamba sitiraka popanda kuchititsa voti ya dziko lonse. Ambiri a ku Nottinghamshire anakana kusiya ntchito, ati sanafunsidwe. Midzi inagawikana, abale anadana, ndipo ana ambiri anadalira chakudya chophikidwa ndi magulu a amayi. Patapita pafupifupi chaka, mu Marichi 1985, anthu anabwerera ku ntchito osapindula kanthu, ndipo a ku Nottinghamshire anapatuka nayambitsa bungwe lawolawo.

M'chaka chomwecho cha 1984, boma la Margaret Thatcher linaika lamulo lakuti bungwe litetezedwe pokhapokha litachititsa voti ya chinsinsi. Mu 1993 boma lina linalamula kuti votiyo idzere pa positi, ndipo mu 2016 boma linanso linawonjezera kuti theka la oyenera kuvota liponyedi voti. Mabungwe anadandaula kuti malamulo otere ndi msampha wofooketsa wantchito.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti sitiraka ndi yololedwa, koma ikhale njira yotsiriza, ndipo onyanyala asalangidwe chifukwa cha iyo.

Awerengi okondedwa, amene amagona ndi njala pa sitiraka ndi banja la wantchito. N'chifukwa chake ayenera kufunsidwa momasuka, popanda kuopa bwana kapena mtsogoleri. Mutu umodzi susenza denga. Komanso boma likachulutsa zipsinjo pa voti kufikira sitiraka yosatheka, ndiye kuti lalanda mwakachetechete ufulu umene makolo a antchitowo anauvutikira.