Kope la chipepeso ndi manda a m'tauni

Amene akufufuza komwe agogo ake anagona mu Blantyre muno amazindikira msanga kuti akufa athu sanalembedwe mofanana. Ku manda a HHI, pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe David Clement Scott anamanga pakati pa 1888 ndi 1891, umawerenga dzina ndi zaka pamwala. Amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1876 anabwera ndi chizolowezi cholemba m'kaundula obatizidwa, okwatira ndi omwalira. Koma ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, manda ambiri akale ndi mitumbira chabe pansi pa mitengo. Mtanda wathabwa unadyedwa ndi chiswe, penti ya pachitini inafufutika ndi mvula.

Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa mu 1904, koma linkakakamiza anthu amene sanali Aafirika okha. Lamulo lokhudza aliyense linabwera mu 2010, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015 kudzera ku National Registration Bureau. Choncho kwa zaka zoposa 100, munthu ankatha kubadwa, kugwira ntchito ku Mandala kapena kunjanji ku Limbe, kukalamba mpaka kumwalira, imfa yake osalowa m'buku lililonse la boma. Zimandiwawa ndikaziganizira, chifukwa ndi anthu amenewa amene anaumba njerwa za mzinda uno.

Komanso makolo athu ambiri ankaona tauni ngati kuntchito basi. Zovuta zikagwa, abale ankasonkha ndalama ya lole, thupi n'kupita kumudzi ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu kapena ku Ntcheu. Otsala m'manda a kuno nthawi zambiri anali ana, osowa ndalama ya ulendo, ndi amene kwawo kunatalika. Malo ankapereka ndi amfumu, okumba anali adzukulu, ndipo ndi iwowo amene ankasunga m'mutu kuti uje anagona pafupi ndi uje.

Komabe kunena kuti sitinkalemba n'kulakwitsa. Pamaliro aliwonse pamakhala munthu wogwira kope la chipepeso. Amalemba aliyense wopereka, kaya ndalama, kaya ufa, kaya nkhuni: akuchikazi, akuchimuna, amvano, akuntchito, anthu a mudzi wakutiwakuti. Cholinga chake n'chakuti zilengezedwe pagulu ndi kuti banja lidzadziwe kokabweza, koma pakapita zaka kopelo limasanduka mndandanda wa mbumba yonse, ndi midzi yake yomwe. Azakhali anga ku Zingwangwa anasunga m'sutikesi kope la pamaliro a agogo aamuna, pamodzi ndi pepala la mbiri ya malemu lomwe amalume anawerenga tsikulo. M'menemo ndi momwe ndinapeza kuti anthu a ku Phalombe amene tinkangowatchula kuti achibale anali ana a mlongo wawo wa agogowo, ndi kuti dzina lomwe banja lathu limadziwika nalo lero linali dzina loyamba la bambo a agogowo. Palibe ofesi imene ikanandiuza zimenezi. Tsoka lake, makope otere ambiri amathera kuyatsira mbaula kapena kukulungira mtedza, pomwe ndalama zambiri timazisungira kumanga chiliza.

Alipo ena opanda ngakhale mtumbira kuno. Malo okwerera basi a Wenela akusungabe dzina la bungwe lomwe linkatengera amuna kumigodi ya ku South Africa, ndipo ena mwa iwo anasanduka matchona, anaikidwa komweko ndi anthu achilendo. Ngakhale posachedwapa, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe, mabanja ena sanapeze matupi a abale awo.

Wofuna kufufuza angathe kupita ku ofesi ya mpingo kumene malemu ankapemphera, kaya ndi CCAP kaya Katolika, ndiponso ku National Archives ku Zomba. Ine ndimalangiza kuyambira kwa amayi achikulire a m'banja, amene anagona m'siwa ndipo amakumbukira amene anabwera. Ndipo kumanda sumangolowa. Umayamba wakapempha kwa amfumu, iwo n'kukupatsa mdzukulu wokuperekeza, makamaka wachikulire amene analipo tsiku lokumba.