Mitundu ya galimoto ya Peugeot 504 ndi kusiyana kwake

Galimoto ya Peugeot 504 inaonetsedwa koyamba mumzinda wa Paris m'dziko la France m'chaka cha 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana pa chakacho ku Ulaya. Ngakhale dzina linali limodzi, galimotozi sizinali zofanana. Zilembo zimene zinkamatidwa kumbuyo ndizo zinkasonyeza chimene wogula walipira.

Yoyamba kutuluka inali ya zitseko zinayi, ya injini ya 1796 cc imene inakulitsidwa kufika pa 1971 cc mu 1970. Patapita nthawi, ya kabyuleta inatchedwa GL, pamene yokwera mtengo, imene inkamwa petulo kudzera m'pampu ya Kugelfischer, inatchedwa TI. Ziwirizi zinali ndi mabuleki a disiki pa mateyala onse anayi, ndipo teyala lililonse la kumbuyo linkanesa palokha. Chilembo cha D, monga pa GLD, chinkatanthauza kuti galimotoyo ndi ya dizilo.

Mu 1973 kampaniyi inatulutsa 504 L, yotsika mtengo pa zonse. Iyi inabwerera ku injini ya 1796 cc, mkati munalibe zokometsera zambiri, ndipo mateyala a kumbuyo analumikizidwa ndi ekiselo imodzi yolimba. Kwa wogula wa ku Ulaya uku kunali kuchepetsa ulemerero wa galimoto. Koma kwa munthu woyenda mumsewu wa fumbi ndi maenje, ekiselo yotere imapirira katundu ndipo makaniko savutika nayo.

Ekiselo ya mtundu womwewu ndi imene inali pa galimoto zazitali zimene zinatuluka mu 1971. Denga lake linkakwera chakumbuyo, ndipo zinali zitatu: Break ya banja wamba, Commerciale ya amalonda onyamula katundu, ndi Familiale ya mizere itatu ya mipando yokwana anthu 7. Familiale ndiyo inadzasanduka takisi ya maulendo ataliatali m'maiko ambiri a kuzambwe kwa Africa, kumene kawirikawiri inkanyamula anthu oposa chiwerengerochi. Ya pikiapu inabwera mochedwa, mu 1979.

Panalinso za zitseko ziwiri, Coupé ndi Cabriolet yotsegula denga, zimene zinayamba mu 1969 ndipo zinalandira injini ya V6 mu 1974. Izi zinali za anthu a ndalama, ndipo zinapangidwa zochepa.

Mbiri ya kulimba kwa 504 inakula mu 1975 pamene Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya. Ku France anasiya kupanga ya zitseko zinayi mu 1983, Peugeot 505 itatenga malo ake, koma ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ndipo fakitale ya ku Kaduna m'dziko la Nigeria inatulutsa zomaliza mu 2006.